Kulondolera alendo pa Mulanje ndi kachipangizo ka setilaiti

Masiku ano mnyamata aliyense amene wagula foni yamakono akuti ndi gaidi. Mukafika pa Chitakale m'mawa muwapeza ali chilili m'mbali mwa msewu, maso ali pa minibasi zochokera ku Limbe, kudikira mlendo wachikwama chachikulu. Akamuona amamuthamangira, n'kumuonetsa mapu a pa foni okhala ndi kamzere kochokera pa Likhubula mpaka pansonga ya Sapitwa, kenaka n'kutchula mtengo wosafika ndi theka lomwe la umene ife timalipiritsa. Mlendo naye akaona kamzereko amayesa kuti phiri latha. Ine zimandiwawa, chifukwa chiperoni chikatsika, anyamata omwewo ndi amene amaimbira ife, ngati netiweki yawalola, kuti tikawatsitse pamodzi ndi mlendo wawoyo.

Ine ndimayenda ndi Garmin inReach, kachipangizo kolemera pafupifupi magalamu 100, kamene ndimakakoleka palamba wa chikwama, pachifuwa. Anandigulira ndi msuweni wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo ndinabweza ndalama yake pang'onopang'ono. Za kuyatsa, kusunga malo a nyumba zogona ndi kutsata njira yojambulidwa kale sindinenapo, mwana wa sukulu angaphunzire zimenezo masana amodzi. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti m'kachipangizoka muli ntchito ziwiri zosiyana. Yoyamba ndi GPS, imene imangomvetsera ma setilaiti a dziko la America amene ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200, ndipo ikamva anayi kapena kuposerapo imawerengera pamene waima. Imeneyi foni iliyonse yamakono ili nayo, ndipo siifuna netiweki. Koma GPS siyankhula. Ikhoza kukuuza pamene wathyokera mwendo, osauza wina aliyense. Ntchito yachiwiri ndiyo yotumiza uthenga, ndipo imadzera kwina, ku ma setilaiti 66 a kampani ya Iridium amene amayenda chapansi, pa makilomita pafupifupi 780. Apa ndi pamene foni ya mnyamata wa pa Chitakale imathera. Netiweki pamwamba pa phiri ndi yapatalipatali, umaipeza pa thanthwe lina loyang'ana kumunsi, ukalowa m'chigwa yasowa.

Uthenga wake ndi waufupi, zilembo 160, ndipo umapita pamodzi ndi nambala zosonyeza malo. Nambala zimenezi ndiye pagona nkhani, ndipo ndi pamene ndimaonera amene anaphunzira ntchito ndi amene anangogula chida.

Nsonga ya Sapitwa, yotalika mamita 3,002, ili cha pa madigiri 15 ndi maminiti 57 kumwera, madigiri 35 ndi maminiti 35 kummawa. Malo omwewo akhoza kulembedwa mwanjira ina, ya madigiri ndi kadontho, ndipo pamenepo nambala yoyambayo imakhala 15.95, chifukwa digiri imodzi ili ndi maminiti 60, osati 100. Tsono tayerekezani kuti wina walandira nambalazo pa foni, mantha ali tho, n'kuzilemba kuti 15.57 ndi 35.35. Digiri imodzi, kuchokera kumpoto kupita kumwera, ndi makilomita pafupifupi 111. Kulakwitsa kumeneko kwasuntha munthu wovulala makilomita oposa 40, ndipo kadontho kake pa mapu kagwera m'minda ya chakumwera kwa Zomba. Wina akaiwala kachizindikiro kosonyeza kuti tili kumwera kwa dziko, kadonthoko kamakagwera ku Sudan. Zoterezi zimaseketsa mukamazinena muli pakhonde, koma usiku anthu akusonkhanitsa matochi siziseketsa.

Palinso msampha wina umene ngakhale alendo ophunzira amagweramo. Mapu akale a boma, apepala aja okhala ndi mizere yosonyeza kukwera kwa malo, anajambulidwa pa muyeso wotchedwa Arc 1950. Chipangizo chikamachokera kusitolo chimakhala pa muyeso wina, WGS 84. Mukatenga nambala za pachipangizo n'kuziika pa mapu akalewo osasintha muyeso, mumaphonya ndi mamita mazana angapo. Kuchigwa cha Phalombe mamita amenewo si kanthu, mungokuwa munthu n'kukuyankhani. Pa Mulanje mamita mazana atatu ndiye kusiyana kwa pamwamba pa phompho ndi pansi pake, kapena tsidya lino la mtsinje wodzaza ndi tsidya linalo. N'chifukwa chake ine ndisananyamuke ndimakhala pansi ndi mnzanga amene atsale kumunsi, n'kugwirizana kalembedwe kamodzi, ndipo ndimamutumizira uthenga woyesera tili limodzi pomwepo kuti ndione kuti wafika ndipo iye akutha kuyankha. Komanso muuthenga uliwonse wofunika ndimaikamo mawu amene munthu wa phiri angamve popanda nambala: tadutsa nyumba ya Chisepo, tili pamwamba pa miyala ikuluikulu yokwawa pansi pake, dzanja lamanja pokwera. Potala wa ku Likhubula akamva choncho amanyamuka osafunsanso.

Kenaka pali kudikira. Kachipangizoka kamafuna kuona thambo. Mukakabisa pansi pa chikwama, kapena mukakhala m'chigwembe cha Ruo mmene makoma a miyala atseka mbali zonse, uthenga umangozungulira osapita. Alendo amayamba kukagwedeza, kukazimitsa, kukayatsanso, zimene zimangodya batire. Ma setilaiti a Iridium sakhala malo amodzi, iliyonse imazungulira dziko pa mphindi pafupifupi 100, ndiye ina ikadutsa ina ikubwera. Ntchito yanu ndi kukwera pamalo oyera, kuimika kanyanga kake kuloza kumwamba, n'kukhala chete. Kuona maso a nkhono n'kudekha. M'mphepete mwa thanthwe lalitali, ngati la Chambe, kadontho kosonyeza malo kamadumphadumpha chifukwa mauthenga a setilaiti amagunda mwala asanafike kwa inu, choncho nambala yotengedwa pamenepo musaikhulupirire msanga. Batire nayo imaopa chisanu cha mwezi wa June ndi July. Usiku ine ndimagona nako m'thumba logonamo, ndipo masana ndimakauza kuti kazitumiza malo athu patalipatali, osati mphindi 10 zilizonse.

Zonsezi ndinaziphunzira ndili kale munthu wa phiri, ndipo amene anandipanga kukhala wotero ndi amalume anga. Iwo anayamba ali mnyamata ngati wonyamula matabwa a mkungudza, nthawi imene mtengowo unali wambiri pa Chambe ndi pa Lichenya. Ankatsika ndi thabwa lalitali pamutu, opanda nsapato, m'njira imene alendo masiku ano amatsika atagwira ndodo ziwiri. Khosi lawo linali lolimba mpaka ukalamba, ndipo zala za kumapazi zinali zotambasuka chifukwa chogwira miyala. Atasiya matabwa anayamba kunyamula katundu wa mamembala a Mountain Club, kenaka n'kukhala wolondolera. Sukulu sanapite patali, mapu ankawagwira chadodolido, koma mukanawamanga nsalu kumaso pakati pa Thuchila ndi Chinzama akanakuuzani pamene muli pongomva kulira kwa madzi.

Kaphunzitsidwe kawo kanali kowawa. Chaka choyamba sanandilole kuyankhula ndi mlendo. Ndinkanyamula mapoto, ufa ndi mabulangete, n'kumayenda kumbuyo. Tikafika pamphambano ankaima n'kunena kuti, “Mphwanga, tatembenuka. Ukuona chiyani?” Ine ndinkati, “Ndikuona kumene tachokera, amalume.” Iwo amvekere, “Ayi, ukuona njira yobwerera. Uiloweze, chifukwa pobwerera phiri limasintha nkhope.” Tsiku lina kunja kuli ngwee anandikhazika pamwala kuyambira m'mawa, osandiuza chifukwa, kungoti ndiziyang'ana kumwera chakummawa, kumbali ya Mozambique. Dzuwa litapendeka ndinaona kamtambo koyera kakukwera m'chigwa, ndipo ndisanamalize kudya mbatata yanga sindinkathanso kuona mapazi a amalume amene anakhala pafupi nane. Anangoseka n'kuti, “Tsopano ndiperekeze kunyumba.” Tinafika usiku, iwo ali pambuyo, osanena kanthu, kungotsokomola ndikalowera kolakwika. Ankadziwa udzu umene umamera pamalo onyowa pamene phazi lingatitimire, ankadziwa mtsinje umene umadzaza msanga mvula ikagwa kumtunda ngakhale pamene muli pali pouma. Za mizimu ya m'phiri ankazilemekeza kwambiri, ndipo pamalo ena sankalola phokoso kapena kuloza ndi chala. Ine ndine wopemphera, koma mpaka lero malo amenewo ndimadutsa mwakachetechete, ndipo alendo anga ndimawapempha chimodzimodzi.

Amalume anamwalira asanaone uthenga wa setilaiti, koma GPS wamba anaiona, ndipo ankati ndi kamwana kodziwa dzina la mudzi koma kosadziwa njira yopitira. Mawu amenewa ndinawamvetsa bwino namondwe wa Freddy atadutsa mu March 2023. Zigumukire zinatsika ndi miyala ndi mitengo, mitsinje ina inasintha podutsa, ndipo njira zina zimene zinali m'chipangizo changa zinatsala zolondola pagalasi pokha. Kamzere kankati pita kutsogolo pamene kutsogoloko kunali dzenje. Mnyamata amene anangokopera njira ya munthu wina pa intaneti, yojambulidwa zaka zapitazo, angadziwe bwanji zimenezo?

Alendo nawo ali ndi zawo. Ambiri amafika ndi zipangizo zodula kuposa changa, ena ndi GPSMAP yaikulu ya mapu amitundumitundu, ndipo amandionetsa batani la SOS lobisika pansi pa kachivundikiro ngati kuti ndi chithumwa. Ndimawafunsa kuti, “Bwana, mukalidina, abwere ndani?” Amati opulumutsa. Zoona zake n'zakuti uthengawo umakafika ku ofesi ya kampaniyo ku Texas, kumene kumakhala anthu usana ndi usiku. Iwo amakuyankhani, amaimbira abale anu, n'kufunafuna akuluakulu a kuno oti awadziwitse. Ntchito yawo amaigwira. Koma amene adzakwere phiri ndi machira si a ku Texas. Ndi mapotala ndi magaidi a ku Likhubula, a ku Thuchila, a ku Fort Lister, oyenda pansi, ndipo kuchokera kumunsi kufika pa Chisepo pokha ndi ulendo wa maola ambiri, kusiya kukwera Sapitwa. Musaganize kuti pa Chileka pali helikopita yongodikira inu, ndipo ngakhale itapezeka, m'chiperoni siingatere. N'chifukwa chake uthenga wanga woyamba pakagwa vuto umapita kwa mnzanga wakumunsi uja, amene amadziwa khomo la potala aliyense.

Alendo ena amadalira mafoni atsopano amene amatha kulumikizana ndi setilaiti, osadziwa kuti ntchito imeneyo inatsegulidwa m'mayiko owerengeka okha. Ena amabwera ndi kachipangizo kangozi kopanda malipiro a pamwezi, kamene kamangokuwa koma sikalandira yankho. Kali bwino kuposa kupanda kanthu, koma wopulumutsa sadziwa ngati anyamule machira kapena bulangete chabe.

Phiri ili latenga anthu. Mu 2003 mayi wina wa ku Netherlands anasowa cha ku Sapitwa ndipo anthu anamufuna mpaka kutopa. Mu July 2009 mnyamata wa ku Brazil anapita yekha kunsonga, nyengo inasintha, ndipo thupi lake linapezeka patapita masabata oposa awiri. Nkhani yake anaipangira filimu imene inatuluka mu 2017. Ndikawauza alendo zimenezi ena amati, akanakhala ndi inReach bwenzi ali moyo. Mwina. Chipangizo chikanafupikitsa kufufuza, chimenecho sindikana, ndipo n'chifukwa chake ndinadzimana kuti ndikhale nacho. Koma chisanu cha pamwamba paja chimapha usiku umodzi munthu amene wanyowa, ndipo chimene chimapulumutsa kwambiri ndi munthu woti akuuzeni nthawi ikadalipo kuti lero tibwerere.

Ndiye pali za ndalama. Kachipangizoka sikagwira ulere, kamalipiridwa mwezi ndi mwezi, m'madola. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, malipiro amenewo anandikwerera tsiku limodzi, pamene alendo anapitiriza kunenerera mtengo ngati akugula tomato. Munthu walipira ndege kuchokera ku London, wavala nsapato za mtengo woposa malata a nyumba yanga, koma akamva kuti ndawonjezera pang'ono chifukwa cha setilaiti amati mnyamata wina pamsewu wanditchulira zochepa. Miyezi ya mvula, alendo akachepa, ndimaimitsa malipirowo n'kusunga kachipangizoka m'kabati. Anzanga ena amabwereka akakhala ndi gulu lopita ku Sapitwa, ndipo sindiwakaniza, bola akhale pansi kaye ndiwaphunzitse za nambala zija.

Tsopano poti mu 2025 bungwe la UNESCO linaika phiri la Mulanje pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse, alendo achuluka, ndipo anyamata a mafoni achulukanso. Inu amene mukukonza zobwera, kalembetseni ku ofesi ya zankhalango pa Likhubula ndipo mutenge gaidi wodziwika kumeneko. Musanagwirizane mtengo, mufunseni mafunso awiri: netiweki ikasowa auza bwanji anthu akumunsi, ndipo batire ikatha akutsitsani bwanji. Akalephera kuyankha limodzi mwa awiriwa, musakwere naye.