Kachingwe ka Pamkono ku Lisboa

Pa ulendo wanga wa ku Lisboa ndinafikira kwa banja lina la mpingo wathu limene linasamukira kumeneko kuchokera ku Tete. Ndi anthu opeza bwino, ndipo ponyamuka ankati za matenda sizidzawavuta popeza ndalama zilipo.

Atafika anagula inshuwalansi, imene eni dziko amati seguro, ndipo ku chipatala cholipira dokotala ankawaona msanga. Koma agogo a m'banjamo anabwera ndi nthenda ya shuga, ndipo a inshuwalansi anakana kulipirira matenda amene munthu anali nawo kale. Apo m'pamene anakumbukira zipatala za boma, za SNS, imene dziko la Portugal linakhazikitsa mu 1979. Analembetsa ku centro de saúde ya m'dera lawo nalandira nambala, koma dokotala wa banja anali asanawapatsebe pamene ndinafika.

Usiku wina agogowo anakomoka. Tinaimba 112, ndipo ambulansi inawatengera ku chipatala cha boma. Kumeneko namwino amayamba wapima wodwala, n'kumumanga kachingwe pamkono. Kofiira n'ka amene moyo wake uli pangozi, kobiriwira n'ka amene angathe kudikira, ndipo za m'thumba safunsa. Agogo anawamanga ka mtundu wa lalanje, nalowa nawo posakhalitsa.

Ife tinatsala pa benchi, tikupemphera chamumtima. Pambali pathu panali bambo wina wa suti yodula, kachingwe kake kobiriwira, amene anakhala pomwepo mpaka mbandakucha.