Mitumbira ya Kuseri kwa Tchalitchi Chathu

Kutchalitchi cha kwathu kunalibe belu. Mkulu wa mpingo ankamenya khasu lakutha lopachika pamtengo wa msuku, ndipo tikalimva tinkasiya phala lili m'mbale n'kuyamba liwiro. Kanali kanyumba kopemphereramo ka udzu, mipando yake youmba ndi dothi, ndipo amayi ankakazira Loweruka lililonse. Fungo la dothi lonyowalo ndimalimvabe mpaka lero.

Tinkatchedwa a Dachi. Mpingo wathu unachokera ku Magwero, kufupi ndi Chipata, kumene abusa Smit ndi Hofmeyr anafika pa 5 Julayi 1899, patangopita chaka Angoni a Mpezeni atagonja kwa Azungu. Madzimoyo inatsatira mu 1903. Kumeneko n'kumene m'busa wathu woyamba wachikuda, Justo Mwale, anadzozedwa mu 1929. Agogo anga aakazi ankanyadira kwambiri Magwero. Ankati anaona ndi maso awo mwana wosaona akuwerenga ndi zala, popeza sukulu ya osaona inayamba kumeneko kale mu 1905. Tsiku la Mgonero tinkalawira tambala woyamba, kamba wa mbatata yootcha ali m'kansalu, nsapato kumanja kwa amene anali nazo.

Koma mtima wanga uli kuseri kwa kanyumba kaja, pamsitu wa manda. Ana sitinkaloledwa kupondako, ngakhale kuloza chala. Ndinalowamo koyamba ndili mnyamata, tsiku loika agogo omwewo. Adzukulu anakumba kuyambira mbandakucha, amayi a Chigwirizano anaimba mpaka mawu kusasa, kenako malume anadzala nkhadze kumutu kwa mtumbira. Panalibe simenti kapena dzina. Nkhadzeyo ndiyo inali chiliza.

Chaka chilichonse tikatha kukolola tinkapita kukalambula. Nkhalamba inkatsogola ndi ndodo, ikuloza mtumbira uliwonse: apa pagona mphunzitsi amene anatiphunzitsa a, e, i, o, u polemba pamchenga, apo mayi amene anasenza madzi oumbira njerwa mwana ali kumbuyo, uko mwamuna amene anabwera ku Wenela chifuwa chitatha, n'kupereka ndalama zake zomaliza kuti tigule malata. Ife tinkabwereza mayinawo chamumtima ngati katekisimu.

Lero tchalitchi n'cha njerwa zootcha, chili ndi zokuzira mawu, ndipo ndimakondwa nacho. Koma mitumbira yakale yaphwa, nkhadze zina zinapsa ndi lupsa, ndipo mwa ife amene tinkatsatira ndodo ija tatsala atatu. Mmodzi maso achita khungu.

Ana anga a ku Lusaka ndi ku Migodi, mukabwera kudzaona makolo chaka chino, bwerani ndi kope ndi cholembera. Miyendo ikadandilola. Ndidzakutsogolerani ndi ndodo yanga, inu muzidzalemba.