Mlandu umene jaji sadauzenge

Anthu ovala mikanjo ya kukhoti sitiwaseka pamaso. Mwina n'chifukwa chake buku la mayi Jane Gardam lotchedwa Old Filth, lomwe lidatuluka mu 2004, lidandikomera chotere: limandilola kuseka jaji popanda mlandu wonyoza bwalo.

Dzinalo palokha ndi chipongwe. Pa Chingerezi limatanthauza uve, pomwe mwini wake, Sir Edward Feathers, ndi mkulu waukhondo wonyanya. Lidachokera ku zilembo zoyamba za mawu akuti walephera ku London, kayese ku Hong Kong. Adakayesadi, nalemera pa uloya, mpaka kukhala jaji. Atapuma ntchito adakakhala ku Dorset ndi mkazi wake Betty.

Pomwe ndidaseka mpaka misozi ndi apa. Betty atamwalira, nyumba yoyandikana nayo mudalowa Terry Veneering, loya yemwe a Feathers ankadana naye ku Hong Kong. Tsiku la Khrisimasi a jaji adadzitsekera kunja, chisanu chili tsetsetse, ndipo khomo loti n'kugogoda linali la mdani yemweyo. Abale, ulemu wonse uja kuthera pakhonde la mnzako!

Koma kusekako kumasiya kachiwawa m'kamwa. Mkuluyu adabadwira ku Malaya, mayi ake namwalira iye ali khanda. Akali wamng'ono adamtumiza ku Wales kukaleredwa ndi mayi wankhanza. Adakula atatseka mtima, ndipo zonsezi sadamuululire mkazi wake.

Mayi Gardam adatsata lamulo la bwalo lakuti mlandu sagamula utamva mbali imodzi. Mu 2009 adatulutsa The Man in the Wooden Hat, m'mene timamva za Betty. Ati mwamunayo adamfunsira ukwati pakalata, nam'lumbiritsa kuti sadzamusiya. Betty adavomera, ndipo tsiku lomwelo adakumana ndi Veneering, mtima nugunda. Ukwati ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule. Koma kapasule uyu adalephera, poti Betty adasunga lumbiro mpaka tsiku lomwe adagwa n'kufa akubzala maluwa m'dimba. Mu 2013 Veneering naye adapatsidwa mpata m'buku la Last Friends.

Kwathu kuno nkhani yotere bwenzi ankhoswe ataikhalira pansi. Awa ayi. Munthu yemwe ntchito yake inali kufunsa mboni mpaka zitatuluka thukuta, mlandu wa m'nyumba mwake adangouimika zaka makumimakumi.

Ena adzati ndi mantha, ena adzati ndi nzeru, poti banjalo lidalimba. Ine ndimaona chikondi chenicheni, koma chosowa pakamwa. Chimene chimandiwawa n'chakuti mwamunayo adadziwa kukula kwa zimene sadafunse mboni yaikulu itaikidwa kale m'manda. Kumeneko kulibe apilo.