Mseu wa Mizere Iwiri wa ku Zimbabwe

Anzanga a m'migodi, inu amene mumakwera basi ku Joni popita kumudzi, kudzera ku Beitbridge, Masvingo, Harare, Nyamapanda ndi Tete, ulendo wina musagone njira yonse. Mukaoloka Limpopo muziyang'ana pa zenera. M'malo ena mudzaona mizere iwiri ya phula lakale ikupita m'thengo pambali pa mseu waukulu, udzu utamera pakati pake. Umenewo ndiwo mseu wa masiku a makolo athu.

Boma la Southern Rhodesia linayamba miseu yotere m'chaka cha 1933. Ndalama zinali zochepa, magalimoto nawonso ochepa, koma matope a dzinja anali kutseka njira. Tsono anaganiza zothira phula pokhapo popita mateyala, mzere uliwonse wa mafiti 2 m'lifupi mwake. Pofika 1938 munthu anali kuchoka ku Beitbridge nakafika ku Salisbury, ndiye Harare wa lero, pa mizere yomweyi. Ndipo pofika 1945 miseuyi inapitirira makilomita 3,300. Magalimoto awiri akakumana, iliyonse inali kupatukira kumanzere, mateyala a kumanja okha natsala pa phula. Akapitirirana, abwereranso pa mizere yonse iwiri.

Koma mdani wamkulu wa mseu umenewu anali madzi. Mvula inali kukokolola dothi la pakati ndi la m'mbali, phula nkutsala pamwamba ngati mpeni, nkumang'amba mateyala ndi kunyotsoka pang'ono pang'ono. Chifukwa chake panafunika anthu a makasu ndi mafosholo, obwezera dothi ndi kutsegula ngalande chaka ndi chaka. Pamene magalimoto anachuluka itatha nkhondo ya 1939 mpaka 1945, boma linayamba kuthira phula mseu wonse, mizere ija nkusiyidwa.

Ndanena za kwa eni, koma nkhani yake ndi ya kwathu. Miseu yaing'ono ya phula yopita ku misika ndi ku zipatala za kumudzi imapita magalimoto owerengeka patsiku, komabe imafa. Phula lake ndi lopyapyala, ngati chikopa chophimba miyala yotsenderedwa pansi pake. Dzuwa likaliumitsa limachita ming'alu. Madzi alowa m'ming'alumo nafewetsa pansi. Lole imodzi ya chimanga ikapondapo, pabadwa dzenje. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Mankhwala ake ndi odziwika: kumata mng'alu usanakule, kukwirira dzenje likadali laling'ono, kuchotsa mchenga m'ngalande ndi m'mapaipi a pansi pa mseu mvula isanayambe, ndi kupakanso phula latsopano pakapita zaka 7 kufikira 10. Zimenezi mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi kumanganso mseu wonse.

Inu mudziwa bwino zimenezi. Palibe munthu wa nzeru amene ayamba shifiti asanagogode mwala wa pamutu pake, ndipo pampu ikaima tsiku limodzi mgodi udzala madzi. Mseu nawo ufuna diso lomwelo.

Kotero mukafika kumudzi ndi malata anu ndi njinga zanu, lankhulani ndi a mfumu. Anthu asalime mizere kufikira m'mphepete mwa phula, asatseke ngalande polambula njira ya kunyumba, asaotche mateyala pamseu. Mukaona paipi yatsekeka, kauzeni a boma msanga, kapena tengani khasu inu nomwe. Pakuti usiku umene mayi wa ana anu adzafuna galimoto ya kuchipatala, inu muli kutali kuno, ngalande imeneyo ndiyo idzanene ngati galimotoyo ifika.

Tsalani bwino, abale anga.