Limba la Munthu Wosauka

Pali ntchito ina imene ndimailingalira kawirikawiri. Ndiyo ntchito yopukusa limba m'misewu ya ku Ulaya ndi ku Amereka.

Limbalo linali bokosi lolemera, loyenda nalo pamsana kapena pa kangolo. M'kati mwake munali chipika chobulungira chokhomedwa timisomali tambirimbiri. Munthu akamapukusa chigwiriro, chipikacho chinkazungulira, ndipo mvukuto unkapopa mpweya monga uja wa wosula makasu. Kamsomali kalikonse kankatsegula chitoliro chake pa nthawi yake, nyimbo nkumveka. Chipika chimodzi chinkasunga nyimbo zowerengeka chabe, motero wopukusayo ankabwereza zomwezo kufikira kulowa kwa dzuwa.

M'zaka za m'ma 1800 amuna ambiri a ku Italy anathawa umphawi napita ku London ndi ku New York. Paja akulu anati, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Chingerezi sankachidziwa, ndipo minda analibe. Ambiri ankachita kubwereka limba kwa eni ake namalipira. Ena ankayenda ndi pusi wotolera makobiri m'kachikho.

Si onse anakondwera nawo. Charles Babbage, katswiri wa masamu wa ku London, anadandaula kuti phokosolo linkamusokoneza pa ntchito. M'chaka cha 1864 Nyumba ya Malamulo inapatsa mwini nyumba mphamvu yopirikitsa woimba pafupi ndi khomo lake. Ku New York mkulu wa mzinda, Fiorello La Guardia, amene bambo wake anachokera ku Italy komweko, anali ataletseratu malimbawa pofika 1936, poyesa ntchitoyo kupemphetsa.

Apa ine ndisiyana nawo akuluakuluwo. Phokoso livutadi munthu wowerenga, ndipo pusi womangidwa chingwe ndimamumvera chisoni. Koma kumbukirani kuti galamafoni ndi wayilesi zisanafalikire, mayi wochapa zovala za eni analibe ndalama yolowera m'nyumba zazikulu zoimbiramo. Nyimbo zotchuka za m'nyumba zimenezo zinkamupeza pakhomo pake pa mtengo wa kobiri limodzi, ana ake nkumavina mumsewu. Kodi munthu wosenza katundu tsiku lonse m'chisanu, namasangalatsa amphawi anzake, tingamutche wopemphapempha? Ine nditi iyayi: kobiri lake analikhetsera thukuta.

Ntchitoyi sinafe konse. Ku Amsterdam malimba aakulu okongoletsedwa akulirabe m'misewu, ngakhale m'malo mwa chipika muli mabuku a mapepala olimba obooledwa, nzeru ya Anselme Gavioli ya m'chaka cha 1892. Ku Mexico City opukusa malimba amaima m'makwalala, chipewa chili m'dzanja cholandirira ndalama. Inu mukadzafika kumeneko, musadzadutse mothamanga. Mudzaime, mudzamvere nyimbo imodzi kufikira ithe, ndipo mudzalipire mwini ntchito.