Mlatho Wosaoneka ndi Anyamata a Kaphini

Chimene chandigwiritsa cholembera lero ndi kapepala kamene ndinakapeza katagwera pa kabowo ka makalata m'mawa wina wa mvula yamawawa, kolengeza kuti mumzinda muno mwa Leicester muli mnyamata amene achiritsa nthenda zonse za Wi-Fi pa mapaundi 20 okha, ndiponso m'mphindi 15. Ndipo ine, amene ndatha zaka zambiri ndikukwawa m'madenga ndi pansi pa masitepe a nyumba za ku Highfields, Belgrave, Evington ndi Narborough Road, kufikira ku Loughborough ndi Nottingham pamene andiitana, ndinaima nako m'manja kufikira tiyi wanga anazizira, ndikudzifunsa ngati wopusa ndine, amene ndinavutikira ntchito yomwe ena akuitsiriza madzi asanawire m'ketulo. Anyamata amenewa ndimawadziwa angakhale sitinaonanepo, pakuti ndine ndimakakolola kumene iwo anafesa. Chida chawo n'chimodzi, ndicho kaphini kobayira kabowo ka reset kuseri kwa rauta. Nyali zikangoyaka alandira ndalama nakwera njinga, ndipo pofika Lachitatu mwininyumba ali pa foni kufuna ine.

Za kuzimitsa ndi kuyatsanso, kapena za pasiwedi yolembedwa molakwa, sindidzatopetsa nazo munthu, popeza izo ngakhale mwana wa pulayimale kuno azidziwa. Ntchito imene ndifuna kusimba ndi ya wireless bridge, umene ine ndi anzanga a kwathu timangoutcha mlatho. Nyumba zambiri za m'madera ndatchulawa n'zogundizana m'mizere, zanjerwa zofiira, zomangidwa m'masiku a Mfumukazi Victoria pamene mzinda uno unkalemera ndi mafakitale a masokosi ndi nsapato. N'zopapatiza kumaso koma zazitali chammbuyo, ndipo chingwe cha intaneti chimalowera kuchipinda cha kumsewu, pamene eni ake amanga kanyumba kumapeto kwa bwalo la kuseri, wina ka ofesi, wina kosokeramo, wina kogonamo mnyamata amene wakula. Tsono pofuna kuti intaneti ifike kumeneko popanda kukumba, amaika rauta yachiwiri m'kanyumbako, kuti izilandira mafunde ochokera ku rauta yaikulu ndi kuwatsanulira m'zingwe za kompyuta, TV ndi printa. Pakati pa ziwirizo pali makoma atatu kapena anayi, chumuni chochindikala, ndiponso, chimene ambiri sachiganizira, matabwa otchinga kuzizira okutidwa ndi chitsulo chopyapyala chonyezimira, amene omanga a masiku ano amaika m'makoma a kanyumbako, ndipo amabweza mafunde monga galasi libweza dzuwa. Ndikaima pamenepo ndi foni yanga yoyezera, -60 dBm ndimakondwera, -67 ndimavomera, koma zikafika -80 ndimauza mwini wake kuti palibe mlatho umene ungaime pa matope otere. Onjezanipo kuti pa 2.4 GHz matchanelo osapondana ndi atatu okha, 1, 6 ndi 11, pamene m'chipinda chimodzi ku Highfields ndinawerengapo manetiweki oposa 30 a anansi, onse akufuula pamodzi ngati mavenda pa depoti ya basi.

Kuyeza ndisanakhudze kanthu sindinakuphunzire ku England. Ndinakuphunzira ku Limbe, pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika, kwa mkulu wina wokonza mawailesi amene tonse tinkangomutcha Madala, munthu wamfupi, wa magalasi omangidwa ndi ulusi, amene ankatenthetsa chowotcherera mtovu pa mbaula magetsi akathima, ndipo fungo la utomoni wake ndimalimvabe m'mphuno kufikira lero. Mawailesi a Nzeru, opangidwa ku Blantyre komweko, ankadzaza shelefu yake, ena akudikira eni ake chaka chathunthu. Miyezi itatu yoyamba sanandilole kugwira sikuludiraiva. Ntchito yanga inali kusesa, kusankha tizomangira m'chitini cha mkaka, kukagula zitumbuwa, ndi kumvetsera. Munthu akabwera ndi wailesi, a Madala ankaiika pambali osaiyang'ana n'komwe, nayamba kufunsa ngati sing'anga: imakhala pati m'nyumbamo, imavuta m'mawa kapena madzulo, inayamba mvula isanagwe kapena itagwa, ndani winanso amaigwira. Tsiku lina, nditatopa ndi mafunsowo, ndinatambasula dzanja kuti nditsegule wailesi ya bambo wina wa ku Bangwe amene ankadandaula kuti imalira phokoso madzulo okhaokha, nthawi ya nkhani za MBC ndi mauthenga achisoni, a Madala anandimenya padzanja ndi pensulo, nati, "Iwe mnyamata, waiona nthenda kuti uyambe kung'amba wodwala? Kuona maso a nkhono n'kudekha." Madzulo ake tinayenda wapansi mpaka ku Bangwe, ine nditasenza wailesiyo, ndipo tinapeza kuti imakhala pansi penipeni pa nyali yachubu imene ankaiyatsa dzuwa likalowa. Anaisunthira pazenera, phokoso linatha, ndalama anakana, koma nsima ya usipa tinadya, ndipo pobwerera mumdima anandifotokozera njira yonse za mafunde, mmene ena amayendera patali usiku kuposa usana, ine ndikungoti "inde, bambo," theka la zimene ankanena osazimva. Anatisiya asanaione Wi-Fi, koma ndikhulupirira kuti akanaizindikira msanga kuposa anyamata a kaphini, pakuti rauta ndi wailesi basi, yongosiyana kuti imalankhula ndi kumvetsera yomwe.

Mwezi wathawu anandiitana mayi wina wa ku Evington, wosoka zovala za maukwati m'kanyumba ka kuseri. "Achimwene," anatero pa foni, "intaneti yanga ili ndi ziwanda, m'mawa igwira, masana ikana, ndipo amene anabwera uja akuti ndigule rauta yatsopano." Ndinakafika, ndinakhala pansi, ndinafunsa mafunso a a Madala. Nthenda yoyamba inali yapoyera. Pobaya reset, mnyamata uja anabwezera rauta yachiwiri ku makhalidwe ake a ku fakitale, kotero kuti inadzukanso ndi adiresi ya 192.168.0.1, yomwenso inali ya rauta yaikulu, ndipo, atalumikizanso mlatho mwachangu, anasiya DHCP yake ili yoyaka. DHCP ndiye kalaliki wogawa maadiresi kwa chipangizo chilichonse cholowa m'nyumba; akakhala awiri, foni imalandira kwa amene wayankha msanga, ndipo ikalandira kwa wolakwika imalozeredwa khomo losatulukira kunja. Atambala awiri salira m'khola limodzi. Ndinatseka pakamwa pa wachiwiriyo, ndinampatsa adiresi yakeyake kunja kwa zimene wamkulu amagawa, ndinailemba ndi inki papepala n'kumata pansi pa rauta, ndipo mayiwo anayamba kale kutsegula chikwama. Ndinati, "Mayi, dikirani, printa yanu sinalankhule."

Pano ndi pamene pagona ntchito yeniyeni, ndipo ndipempha owerenga andipirire. Chipangizo chilichonse chili ndi dzina lobadwa nalo, lotchedwa MAC, losiyana ndi adiresi ya IP imene chimangobwereka. Amene anakonza malamulo a Wi-Fi, otchedwa 802.11, amene anatuluka koyamba mu 1997, anaganiza za laputopu imodzi yolankhula ndi rauta imodzi, motero pa envulopu ya uthenga wamba anaikapo malo a mayina atatu okha: la rauta yolandira, la wotumiza, ndi la kumene uthengawo ukupita. Malinga wotumiza pa mafunde ndi mwini uthenga ali munthu mmodzi, zonse zili bwino. Koma mlatho ndi mtumiki. Umanyamula makalata a kompyuta, a TV ndi a printa zimene zili kuseri kwake, ndipo pa envulopu palibe malo olembapo kuti wanyamula ndine, koma mwini kalata ndi uje. Dzina lachinayi lilipo m'malamulowo, ndipo njira yoligwiritsa ntchito imatchedwa WDS. Koma popeza malamulo sanalongosole mwatsatanetsatane mmene marauta awiri azigwirizanirana pa zimenezi, wopanga aliyense anatsata nzeru zake, kotero kuti marauta a mitundu iwiri yosiyana kawirikawiri amapatsana moni n'kulephera kupatsana katundu, ndipo mabokosi ambiri amene makampani a intaneti amapereka kwa makasitomala awo alibe n'komwe pokatsegulira WDS.

Pothawa vuto limeneli, milatho yambiri imachita chinyengo chaulemu: imafufuta dzina la mwini kalata, n'kulembapo lake, n'kusunga m'kabuku kake kuti yankho likabwera lipite kwa yani. Ndikalemba arp -a pa kompyuta ya m'nyumba yaikulu, ndimaona maadiresi atatu kapena anayi a IP onse atavala dzina limodzi la MAC, monga ana a m'mudzi olembetsa sukulu m'dzina la malume mmodzi, ndipo pomwepo ndimadziwa mtundu wa mlatho umene ndili nawo. Chinyengochi chimayenda bwino kwa zipangizo zolongolola, monga kompyuta imene siikhala chete. Printa ndi ina. Printa imagona; ikagona nthawi yaitali mlatho umaiiwala m'kabuku muja, ndipo mayi akatumiza patani ya diresi kuchokera pa foni ali kukhitchini, kalatayo imafika pamlatho n'kusowa woilandira, kufikira wina atapita kukaidzutsa printayo kuti iyambe ndiyo kulankhula. Ndicho chifukwa chake mnyamata wa kaphini amachoka zonse zikugwira, pakuti pamene wangoyatsa kumene chipangizo chilichonse chimakhala chitangodzitchula dzina. Nthenda imadza iye atafika kale ku Oadby. Mauthenga oulutsidwa kwa onse, amene foni imapezera printa kapena TV, nawonso amakonda kumira pamlatho wotere, ndipo maadiresi a IP a mtundu watsopano, a IPv6, nthawi zambiri sawoloka n'komwe. Pa mapulogalamu a rauta otchedwa OpenWrt pali relayd, imene ndaigwiritsa ntchito kambirimbiri ndipo ndimaiyamikira, koma nayonso ndi chigamba, ndipo ndimauza mwini wake kuti ndi chigamba. Kwa mayi wa ku Evington ndinaipatsa printa adiresi yokhazikika, ndinaichotsera tulo tofa nato, ndipo ndinakhala ola lathunthu ndikumwa tiyi wa masala, kudikira kuti ndione ngati iiwalikanso.

Palinso chiwanda china chimene chimabwera mwa apo ndi apo. Pa 5 GHz, matchanelo 52 mpaka 64 ndi 100 mpaka 140 timabwerekana ndi radar, kuphatikizapo ya zanyengo, ndipo malamulo amene bungwe la Ofcom limayang'anira amati rauta ikamva radar ichoke pomwepo, ndiponso isanalowe pa tchanelo chotere iyambe yamvetsera mphindi imodzi, kapena mphindi 10 pa 120, 124 ndi 128. Rauta yaikulu ikasamuka motero, mlatho umene unamangiriridwa pa tchanelo chakale umatsala ukuitana kumene kulibe munthu. Mankhwala ake n'kukhazika zonse ziwiri pakati pa 36 ndi 48. Za njira yotetezera Wi-Fi ya WPA3, imene inadza mu 2018 ndipo milatho yakale siimva chinenero chake, ndingoti bwezerani pa WPA2 kapena gulani mlatho wina.

Tsono ndikatchula mtengo wanga, nkhope zimagwa. Munthu amene sanawiringule polipira mapaundi 20 katatu kwa anthu atatu osiyana, n'kugulanso bokosi lonyezimira la tinyanga sikisi, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, amandiyang'ana ngati ndamuba pamene ndimuuza za maola awiri a ntchito yanga. Anzanga a kwathu ndiwo amaposa: "Achimwene, si ife amodzi kodi?" Ndife amodzi ndithu, koma dizilo wa galimoto yanga sadziwa Chichewa, ndipo khonsolo siichotsera msonkho chifukwa cha ubale. Ena amandiimbira usiku kuti ndiwalangize pa foni kwaulere, mphwawo wophunzira ku yunivesite atasokoneza kale zonse. Ena amabisa kuti anagwiragwira, ngati kuti rauta siisunga mbiri ya zimene yachitidwa.

Ndipo chimene chimawawawa koposa ndi pamene ndiwauza zoona, kuti mlatho wabwino kuposa yonse ndi chingwe. Cat6 yapanja imanyamula mpaka mamita 100 osatopa, pamene mabwalo a nyumba zimenezi ambiri safika ngakhale kotala la mtunda umenewo; ilibe nazo kanthu za anansi, za radar kapena za mayina atatu. Ndimaikonda, ndipo sindichita manyazi kutero: kulemera kwake m'manja, timawaya take 8 topotana tiwiritiwiri, kaphokoso ka pulagi ikalowa bwino. Mkulu wina wachimwenye ku Spinney Hills, mmodzi wa amene anachoka ku Malawi m'zaka za m'ma 1970 boma litawaletsa kuchita malonda m'midzi, anandimvetsera ndikulongosola zonsezi m'Chingerezi, kenaka anandidula m'Chichewa chakale cha m'sitolo, nati, "Bambo, lekani zambiri, kokani waya." Ndinaukoka tsiku lomwelo, m'mbali mwa mpanda, pansi pa mtengo wake wa mapeyala achizungu, mamita 22, ndipo pondilipira anandidula mapaundi asanu, akuti ndi a tiyi amene ndinamwa.