Mwana akalowa koleji ife tili pamsewu

Anzathu a geni ndi madalaivala, mwana wathu woyamba atasankhidwa kupita ku yunivesite ku Zomba tinamupatsa ndalama ya semesita yonse kamodzi, ife n'kunyamuka ulendo wa ku Joni. Patangotha milungu itatu foni inalira tili pamzere pa Beitbridge, akuti ndalama yatha. Theka anagulira foni ndi nsapato.

Tinapsa mtima, koma cholakwa chinalinso chathu. Ku sekondale yogonera komweko belu linkamuitana kukadya, nsima ndi nyemba zinali kale m'fizi. Ku koleji kulibe belu. Renti, chakudya, data, zonse amaziwerengera yekha, ndipo tinali tisanamuphunzitse.

Pano renti timapereka tokha kwa landilodi, ya chakudya timatumiza pang'onopang'ono, pa Mpamba kapena pa Mukuru tikakhala kunja. Tinamuonetsanso kabuku kathu ka maoda, aone mmene msonkho wa pa Mwanza umadyera phindu, adziwe kuti thiraki ikagona pa boda ndalamanso imachedwa.

Wanu akasankhidwa, fomu ya loni ya boma adzaze msanga, asadikire kuti mubwere. Musiyireninso nambala ya azakhali ake, paja tikangodutsa Zobue foni zathu sizipezeka kawirikawiri.